Cibwano Cikathyoka: Za Makina Ounika Mafupa a Kumaso

Abale athu a m'midzi yonse ya kuno ku Lobi, mwezi uno tifuna kuceza nanu za ngozi imene yacuruka pakati pathu cibwerere njinga zamoto, ndiyo ya kuthyoka kwa cibwano ndi mafupa ena a kumaso. Munthu akathyoka mwendo palibe wotsutsa, pakuti mwendo wapindika, mwini wace akanika kuima, ndipo abale athamangira ngolo. Koma mafupa a kumaso athyoka mobisika, pansi pa kutupa. Wobvulalayo adzuka yekha, nasansa pfumbi, nayenda ndi miyendo yace kunka kwao, ndipo onse ayesa kuti wapulumuka. Cifukwa cace tati tikufotokozereni za makina amene madotolo aunikira nao mafupawo, ndi za nthawi yoyenera kuwafuna.

Zimene tidaona ndi maso athu

Pa mudzi wina umene timayenderako kukaphunzitsa pali bambo wa ana atatu, mlimi wa kacewere ndi kabici. Tsiku lina m'cilimwe adamanga matumba awiri pa njinga yamoto kunka nao ku msika, ndipo potsikira ku dambo tayala la kutsogolo lidalowa mumcenga, iye nagwa cafufumimba, nagunda cibwano pansi. Bala lidali laling'ono, losakwana cala. Amai ace adamthowa ndi madzi otentha, amalume ace nabwera ndi mankhwala otemera. Madzulo adayesa kudya nsima, koma mbamu yoyamba yomwe idamkanika, ndipo adati, "Mano anga sakukumana monga kale." Palibe adasamala mauwo. Ife tomwe tidalipo, ndipo tibvomera ndi manyazi kuti tidangomuuza apirire, kutupa kukaphwa adzadya.

Masabata asanu adakhalira phala lokha. Thupi lidatha, m'kamwa mudayamba kununkha, ndipo pansi pa cibwano padaphulika cotupa cotuluka mafinya. Pamenepo ndi pamene adanka naye ku cipatala. Cithunzi cidaonetsa kuti pfupa lidathyoka pawiri, pansi pa dzino losongoka la kumanzere, ndi pafupi ndi khutu la kumanja. Kwinako lidayamba kale kulumikizana mokhota, kwinaku lidali kuola. Madotolo adacita kumng'amba ndi kupatulanso pamene padagwiranapo, namzula mano awiri. Mbuzi zitatu zidagulitsidwa, dimba lidauma osathirira. Lero ali moyo ndipo alima, koma nzimbe ndi cimanga cokazinga adatsazikana nazo.

Caka comweco mai wina wa mudzi woyandikana nao adamenyedwa mwendo ndi ng'ombe ya ngolo pa tsaya. Mwana wace wamkazi, amene adamva za bambo uja, sadalole kuti agone. Tsiku lomwelo adalandira kalata ya ku cipatala caching'ono, m'mawa mwace najambulidwa, ndipo sabata isadathe mano ace adamangidwa ndi waya. Atapita masabata 6 waya adacotsedwa, ndipo pofika nthawi ya mondokwa adali kukukuta cimanga pamodzi ndi adzukulu ace. Kuthyoka kwa awiriwa kudali kofanana. Cidawasiyanitsa ndi tsiku limene cithunzi cidajambulidwa.

Kuunika kumeneku kudayamba bwanji

Pa 8 Novembala 1895 mphunzitsi wina wa ku Germany, dzina lace Wilhelm Röntgen, alikugwira nchito m'cipinda camdima mu mzinda wa Würzburg, adapeza mtundu wa kuwala kosaoneka ndi maso, kumene kupyola pepala, thabwa ndi mnofu wa munthu, koma kuchingidwa ndi pfupa ndi citsulo. Posadziwa dzina loti akuche, adangolemba cilembo X, ndipo ndi cifukwa cace mpaka lero timati X-ray, kapena ekisireyi monga tichulira kuno. Mwezi wotsatira adajambula dzanja la mkazi wace, ndipo pa cithunzipo padaoneka mafupa a zala ndi mphete. Mu Januwale 1896 dotolo wa mano, Otto Walkhoff, adajambula mano a iye mwini, nakhala cete mphindi 25 kuti cithunzi cigwire. Lero nchito yomweyo itha munthu asadaphethire kawiri.

Kuti mumvetse, kumbukirani m'mene ana aikira dzanja pa toci usiku: m'mbali mwa zala muoneka mofiira, koma pakati pada. Ekisireyi icita comweco, koma mwamphamvu. Pa cithunzi cace pfupa lioneka loyera, mnofu uoneka wotuwa, mpweya uoneka wakuda. Ndipo pamene pfupa lathyoka paoneka kamzere kakuda, monga mng'alu pa mphika woyatsira nyali mkati.

M'mene nkhope idamangidwira

Nkhope ya munthu iri ndi mafupa 14, ndipo mwa onsewo loyenda ndi limodzi lokha, ndilo nsagwada ya m'munsi, imene isenza theka la mano 32 a munthu wamkulu. Pfupa limeneli lidapindika ngati uta, ndipo nsonga zace ziwiri zilowa m'mfundo ziri kutsogolo kwa makutu. Ikani zala pamenepo ndi kuyasama, mudzazimva zikuyenda. Tsono pokhala lagwirana ndi cigaza uku ndi uku, liri ngati mkombero wa mphika, umene kawirikawiri ukagundidwa pamodzi ung'aluka pawiri. Ici ndico cifukwa dotolo akapeza kuthyoka kumodzi saleka pomwepo, koma afunafuna kwaciwiri ku mbali inayo. Malo ofooka ndi atatu: pa dzino losongoka, cifukwa muzu wace ndi wautali, pa ngodya, pamene pali dzino lotsiriza la kumbuyo, ndi pa khosi lopyapyala la pfupalo pafupi ndi khutu.

Mafupa a pakati pa nkhope ndi ena ndithu. Ambiri ndi opyapyala, ndipo azinga timapanga tokhala ndi mpweya m'mbali mwa mphuno. Pfupa limene diso likhalapo m'malo ena liri ngati cikamba ca dzira. M'caka ca 1901 dotolo wa ku France, René Le Fort, atayesa pa mitu ya anthu akufa, adalemba kuti pakati pa nkhope pathyoka motsata mizere itatu. Woyamba upita pamwamba pa mizu ya mano a m'mwamba. Waciwiri ukwera mpaka pa msana wa mphuno nutsikira m'masaya. Wacitatu upyola m'maenje a maso, nulekanitsa nkhope yonse ndi cigaza. Kufikira lero madotolo a dziko lonse achula kuthyoka kumeneku ndi dzina lace.

Zizindikiro zoti musagone nazo pa mudzi

Akuru adati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Kucepa kwa bala kusakunyengeni. Munthu akagwa, akamenyedwa kapena akagundidwa kumaso, penyani izi.

Za cibwano: mano osakumana monga kale; mzere wa mano woduka, ena atakwera ena atatsika; dzanzi pa mlomo wa m'munsi, pakuti mtsempha wa kumva upyola mkati mwa pfupalo; magazi oundana akuda pansi pa lilime; kukanika kuyasama kapena kutseka pakamwa; cibwano copotokera mbali imodzi poyasama; kuwawa kutsogolo kwa khutu pamene munthuyo adagunda ndi cibwano.

Za tsaya ndi diso: tsaya limodzi lophwanyalala poyerekeza ndi linzace, dzanzi pa tsaya, m'mbali mwa mphuno ndi pa mlomo wa m'mwamba, kuona zinthu ziwiriziwiri, diso lolowa mkati kapena lokanika kuyang'ana kumwamba.

Zoopsa koposa: madzi oyera mbee otuluka m'mphuno kapena m'khutu, amene angakhale madzi ozinga bongo; maso onse awiri oda mozungulira; kukomoka, kusanza, kuwodzera kapena kubwebweta; kuwawa kwa khosi; kupuma mobvutika. Mukaona cimodzi mwa izi, usiku ndi usana n'cimodzimodzi, nyamukani.

Mitundu ya zithunzi

Ciyambi ca nchito ndi maso ndi manja a dotolo. Iye afunsa m'mene ngozi idagwera, akhudza m'mphepete mwa mafupa, apenya m'kamwa, ayesa maso. Ndipo ndi zimene wapezazo asankha cithunzi coyenera. Makina satenga malo a kufunsa ndi kukhudza kumeneku. Angotsimikiza ndi kuonetsa malo eni eni.

Mtundu woyamba ndi ekisireyi wamba, wopezeka m'zipatala za pa boma monga ca Dedza, ndi m'zipatala zina za mishoni. Wojambula sajambula kamodzi kokha, koma kawiri kapena katatu, kucokera kumbuyo ndi kucokera m'mbali. Musaganize kuti walakwitsa poyamba. Cithunzi cotere ndi mthunzi cabe, ndipo monga mitengo iwiri yoima mondondozana iponya mthunzi umodzi, momwemonso pfupa limodzi libisa linzace. Mng'alu wosaoneka mbali iyi uoneka mbali iyo. Pofuna kuona masaya ndi maenje a maso, akuuzani mukweze cibwano ndi kucigunditsa pa mbale yojambulirapo, kuti mafupa olimba a pansi pa cigaza acoke m'njira. Kaimidwe kameneka kadziwika ndi dzina la dotolo Waters wa ku America, amene adakalongosola mu 1915. Pa cithunzi cotere, phanga la m'tsaya limene liyenera kukhala lakuda likaoneka loyera kapena lodzala theka, dotolo adziwa kuti mwalowa magazi, ndipo khoma lace lathyoka.

Mtundu waciwiri ndi cithunzi cozungulira, cimene madotolo a mano acicha OPG. Wodwala aima kapena akhala tsonga, naluma kamtengo kakang'ono, ndipo makina azungulira mutu wace, nayala nsagwada yonse pa cithunzi cimodzi, kucokera khutu ili kufikira khutu linzace, monga munthu atambasula mkombero wa licero kuti uongoke. Amene adakonza njira imeneyi ndi Yrjö Paatero wa ku Finland, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha. Ciri cabwino ndithu pa nsagwada ya m'munsi, pakuti cionetsanso mano ali pa mzere wa kuthyoka; koma cifuna munthu wokhoza kuimika mutu, ndipo makina ace sapezeka ponse.

Mtundu wacitatu ndi CT scan. Wodwala agona pa kama amene alowa pang'onopang'ono m'cibowo ca makina onga mphete yaikuru, ndipo kuwala kuja kuzungulira mutu, kompyuta niwerenga ndi kupanga zithunzi zambiri, ciri conse ca kagawo kopyapyala, monga mai adula anyezi, naona mkati mwa kagawo kali konse. Koma pano palibe mpeni, ndipo munthu samva kanthu. Pophatikiza tizigawoto kompyuta ionetsa cigaza conse, cimene dotolo akhoza kucitembenuza pa galasi monga mutembenuza dzungu m'manja. Makina oyamba adakonzedwa ndi Godfrey Hounsfield, ndipo adaunika wodwala woyamba ku London pa 1 Okutobala 1971. Masamu ace adayamba kuwalingalira ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, pamene adali kuthandiza pa cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town mu 1956; ndipo awiriwa adalandira mphotho ya Nobel mu 1979. Pa kuthyoka kwa pakati pa nkhope, kwa dzenje la diso, ndi kwa mfundo ya pa khutu, palibe cithunzi copambana cimeneci. Ndiponso cionetsa ngati magazi akha mkati mwa cigaza, ndi ngati mafupa a khosi ali bwino.

Cithunzi cilamula mankhwala

Mwendo wothyoka auika m'cikhakha, koma nkhope siingabvale cikhakha. Tsono dotolo apenya pa cithunzi zinthu zinai: pathyoka pangati, zidutswa zasuntha kapena ziri m'malo, pali dzino pa mzere wa kuthyoka, ndipo diso kapena bongo zakhudzidwa. Ngati pali mng'alu cabe ndipo mano akumana bwino, nthawi zina mankhwala ndi cakudya cofewa zikwanira. Ngati zidutswa zasuntha, azibwezera m'malo namanga mano a m'munsi ku mano a m'mwamba ndi waya, kwa masabata 4 mpaka 6 pa munthu wamkulu, pakuti mano akakumana bwino ndiye kuti pfupa laongoka. Pamene pathyoka koipa, ang'amba ndi kulumikiza ndi tizitsulo topyapyala ndi timisomali. Pambuyo pace ajambulanso, kuti aone ngati zonse zakhala m'malo.

Dziwani kuti pfupa silidikira. Pakatha masabata awiri kapena atatu liyamba kugwirana pamene liri pomwepo, moongoka kapena mokhota. Ndipo kuthyoka kumene kupita pakati pa mano kuli ngati bala lotseguka, lolowa malobvu ndi zakudya, losacedwa kucita mafinya. Pa ana cenjerani koposa. Mwana akagwa mu mtengo wa mango nang'ambika pansi pa cibwano, musakhutire ndi kusoka kokha. Muuzeni dotolo ngati adandaula kutsogolo kwa khutu. Mfundo imeneyo ikaphwanyika osasamalidwa, ikhoza kuuma, mwana nakula wosayasama, ndi cibwano cacing'ono copotoka.

Njira yace kucokera kuno

Yambani pa cipatala caching'ono ciri pafupi nanu, monga ca pa Lobi pomwepa, mutatenga buku la wodwalayo. Kumeneko aletsa magazi, apatsa mankhwala, nalemba kalata ya ku cipatala ca Dedza, kumene kuli ekisireyi. Zikakhala zazikuru atumiza ku Lilongwe, ku Kamuzu Central Hospital, cipatala cimene cidatsegulidwa mu 1977, ndipo ndico cilandira odwala otumizidwa a cigawo conse ca pakati. Kumeneko kuli madotolo a mano ndi nsagwada, ndiponso mu 2023 pambali pace padatsegulidwa cipatala ca mafupa ndi bongo cochedwa LION. Ojambula athu ambiri aphunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo mu 2019 sukulu ya madotolo ya ku Blantyre, imene tsopano iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madotolo a mano m'dziko momwe muno, mothandizana ndi University of Glasgow.

Sitikubisirani kuti ulendo uli ndi mabvuto ace. Pali ndalama za galimoto, pali cakudya ca womdikira wodwala, ndipo nthawi zina mupeza magetsi azima kapena makina afa, nakuuzani mubwere tsiku lina. Koma werengani ndalama zimenezo, muziyerekeze ndi mbuzi zitatu, dimba louma ndi mano awiri. Zengerezu adalinda kwaukwau.

Za mantha

Tamva ena alikunena kuti makinawa amwa magazi, kapena kuti munthu wojambulidwa mutu asokonezeka nzeru. Zimenezi ndi zabodza. Makina sakhudza magazi, ndipo kuwala kwace sikutsalira m'thupi. Coona n'cakuti kuwala kumeneku kukacuruka kopanda muyeso kuononga. Ndi cifukwa cace wojambula, amene akhala nako tsiku ndi tsiku, abisala kuseri kwa khoma, ndipo dotolo salamula CT scan popanda cifukwa, pakuti muyeso wace uposa wa ekisireyi wamba. Koma muyeso wa munthu wojambulidwa pa ngozi ndi wocepa, ndipo phindu lace liposa kutali. Mai woyembekezera anene asadajambulidwe, kuti amteteze. Asabise, ndiponso asathawe.

Malangizo a pa banja

1. Wobvulala kumaso amene ali maso akhale tsonga mowerama pang'ono, kuti magazi ndi malobvu zituluke. Wokomoka mumgoneke cammbali, mutagwira mutu ndi khosi kuti zisapotoke. Musamgoneke cagada, pakuti lilime ndi magazi zingamtseke kummero.

2. Musayese kuongola cibwano ndi manja, musatemere, ndipo musampatse cakudya kapena mowa dotolo asadamuone.

3. Wobvulala tsaya kapena diso asamine, cifukwa mpweya ungapyole pa mng'alu ndi kutupitsa diso.

4. Dzino la munthu wamkulu likazuka lathunthu, ligwireni ku mutu wace, osati ku muzu, muliike mumkaka ndi kupita nalo msanga. Likasowa, nenani, pakuti nthawi zina lipezeka m'cifuwa, ndipo dotolo ajambula cifuwaco.

5. Polowa kojambula bvulani ndolo, mikanda, zomangira tsitsi zacitsulo ndi mano oikirira, ndipo khalani cete monga akuuzirani. Mutu ukagwedezeka cithunzi cionongeka.

6. Nenani zoona za m'mene ngozi idagwera. Tidziwa kuti nsagwada zina zithyokera pa mowa, ndipo zina m'nyumba, pa dzanja la mwamuna, ndipo mai afika ku cipatala nati, "Ndagwa pa citsime." Dotolo safunsa kuti aweruze mlandu, koma kuti adziwe kofuna mng'alu, pakuti cibakera cithyola pena, kugwa ndi cibwano kuthyola pena. Ndipo inu ankhoswe, mukaona mai wotupa tsaya, musathamangire kuyanjanitsa banja iye asadajambulidwe; amene athyola nsagwada ya mkazi wace wapalamula mlandu pa malamulo a dziko.

7. Womangidwa waya adye kawirikawiri zakumwa zopatsa mphamvu: phala losasa lothira nsinjiro zosefa, mkaka, msuzi wa nyemba, nthoci zoponda ndi kusungunula. Atsuke m'kamwa ndi madzi ofunda amcere atatha kudya. Mowa ndi fodya aleke, pakuti woledzera akasanza mano ali omangidwa akhoza kutsamwa. Ndipo funsani dotolo cocita ngati kusanza kwafika. Musadule waya tsiku lisadakwane cifukwa ca nkhuli.

8. Inu anyamata a kabaza ndi inu okwera, bvalani cisoti colimba, makamaka cimene ciphimba ndi cibwano comwe, ndipo mangani lamba wace. Cisoti copacika pa cigongono siciteteza mutu.

Bambo uja tidamcezera sabata yatha, ndipo ndiye adatipempha tilembe nkhaniyi, osachula dzina lace. Adati tikuuzeni mau amodzi okha, ndipo tiwapereka monga adanenera: munthu akagwa, mumfunse ngati mano ace akukumana, akati iai, musadikire kuti kutupa kuphwe. Werengerani nkhaniyi amene sadziwa kuwerenga, makamaka a m'nyumba zimene muli njinga yamoto kapena ngolo.